Chinkhupule cha m'nyanja yamchere: n'zoona kuti muli mankhwala a khansa?

Mphunzitsi_Kapata

Moni nonse a m'gulu lino. Ndimaphunzitsa sayansi kusekondale kuno ku Chipata, ndipo ana anga akukonza pulojekiti yokaonetsa ku JETS, mpikisano wa sayansi wa ana a sukulu. Mmodzi wabwera ndi uthenga umene ukuyenda pa WhatsApp, wakuti chinkhupule cha m'nyanja chimachiza khansa, ati asayansi anatsimikiza kalekale koma akubisa. Pansi pake pali nambala ya munthu wogulitsa ufa wake m'timabotolo. Anawo tsopano akufuna kuthyola zinkhupule za kumpanda, azinyike m'madzi, aone ngati mankhwalawo alimo.

Ndisanawaletse kapena kuwalola ndati ndiyambe ndafunsa, paja safunsa anadya phula. Kodi chinkhupule akunenachi ndi chomwechi timasambira? Muli makemikolo otani m'kati mwake, ndipo alipo amene anafikadi kuchipatala? Ngati alipo, amawatulutsa bwanji? Chonde mundipatse mayina ndi manambala, oweruza a ku JETS amafunsa mafunso olasa.

aTembo_Bayoloje

Aphunzitsi, auzeni anawo asiye za kumpanda. Dzina limodzi likutisokoneza pa zinthu zitatu. Choyanga pampanda chija ndi chomera, Luffa, m'bale wake wa dzungu ndi nkhaka, ndipo timasambira ulusi wa chipatso chake chouma. Chotsukira mbale cha m'shopu ndi pulasitiki. Chimene uthengawo ukunena ndi nyama ya m'gulu la Porifera. Mitundu yake yodziwika ndi yoposa 8,000, pafupifupi yonse ya m'nyanja zamchere.

Nyama yake ilibe kamwa, ilibe matumbo, ilibe ubongo. Imamatirira pathanthwe n'kumakoka madzi kudzera m'timabowo ta pathupi pake. M'kati muli maselo otchedwa choanocyte, lililonse ndi kamchira kake kokupizira madzi. Mabakiteriya ndi tizinyenyeswa timakodwa pamenepo n'kukhala chakudya, madziwo n'kutulukira pabowo lalikulu. Ndiye taganizani: chinthu chofewa, chosatha kuthawa, chopanda mano kapena chigoba, chakhala pakati pa nsomba zanjala, komanso usana ndi usiku chikumeza madzi odzaza tizilombo. Chingadziteteze ndi chiyani? Poizoni, monga imachitira nkhadze ndi utomoni wake. Makemikolo ena ndi oingitsa nsomba, ena oletsa ndere ndi tinkhono kumera pathupi pake, ena ndi ophera mnansi amene akufuna kulanda malo pathanthwepo.

Zitsanzo ziwiri zimene ana angazimve msanga. Ku Nyanja Yofiira kuli Negombata magnifica. Chikafinyidwa chimatulutsa madzi ofiirira ndipo nsomba zimabalalika. Muli latrunculin, imene imagwira actin, puloteni yochirikiza selo kuti likhale ndi maonekedwe ake ndi kuti liziyenda. Lero latrunculin imagulitsidwa kwa ofufuza ngati chida cha mu labu, si yakumwa. Ku Mediterranean kuli Aplysina aerophoba, chachikasu chikakhala m'madzi, koma mukachivuula chimada. Chimasunga makemikolo aakulu okhala ndi bromine, ndipo chikavulazidwa ma enzyme ake amawadula pompo n'kutulutsa aeroplysinin-1, imene imapha mabakiteriya pabalapo. N'chimodzimodzi chinangwa chowawa: poizoni amatuluka pamene mwachisenda ndi kuchisinja, maselo ataphwanyika.

Bromine ameneyu mumusunge m'mutu, chifukwa ndiye chizindikiro cha makemikolo ambiri a m'nyanja yamchere. Lita imodzi ya madzi akumeneko imakhala ndi bromide pafupifupi mamiligiramu 65, pamene m'mitsinje yathu ndi wochepetsetsa.

Zinkhupule za m'madzi opanda mchere ziliko, ngakhale mitundu yake ndi yochepa. M'nyanja ya Malawi muli china chimene anachitcha Malawispongia echinoides, ndipo ya Tanganyika ilinso ndi zake. Zambiri za m'madzi otere zimaoneka ngati nkhanambo yotuwa kapena yobiriwira pamiyala ndi pazipika zomira, moti munthu amazipitirira akuyesa ndere. Palibe mankhwala a khansa amene anachokera kwa zimenezi, koma pa pulojekiti ya bayoloje n'zabwino kwambiri, chifukwa mafupa ake ndi tisingano ta silica totchedwa spicule, ndipo maonekedwe a tisinganoti ndi amene amazindikiritsa mtundu.

Kachitidwe kake nkaka. Dulani kachidutswa kofanana ndi njere ya nyemba, ikani mu test tube, thirani Jik mamililita 2 kapena 3. Dikirani theka la ola kapena ola lathunthu mpaka mnofu wonse utasungunuka. Tisinganoto tikadikha pansi, yamwani madzi a pamwamba ndi dropa. Tsukani katatu ndi madzi oyera, ndipo ulendo uliwonse dikirani mphindi 15 kuti tikhalenso pansi, kenako kamodzi ndi ethanol. Donthezani pa slide, liume, muone pa maikulosikopu pa ×100. Ana amalakwa pawiri: kutsanula mofulumira, tisingano tonse n'kupita mu sinki, ndi kutsuka mwachinyengo, ndiye Jik wotsala amauma n'kupanga timiyala timene amatiyesa ma spicule. Tikatsukika bwino, donthezani viniga pa gawo lina. Ta silica sitisintha, pamene ta calcium carbonate, timene zinkhupule zina za m'nyanja yamchere zili nato, timachita thovu n'kusungunuka. Viniga asakumane ndi Jik ngakhale pang'ono, zimatulutsa mpweya wa chlorine.

aNaphiri_Famasi

A Tembo afotokoza nyamayo, ine nditenge za kuchipatala. Uthenga wa pa WhatsApp uja watola choonadi chaching'ono n'kuchikulunga m'bodza lalikulu. Palibe chobisika, mankhwalawa ali m'mabuku a famasi. Koma palibe ngakhale amodzi amene ali ufa wa chinkhupule. Onse amapangidwa mu fakitale, chinkhupulecho chinangopereka chithunzi cha molekyulu.

Nkhani inayamba ndi Werner Bergmann wa ku Yale. Cha m'ma 1950, iye ndi anzake anapeza spongothymidine ndi spongouridine m'chinkhupule cha ku Caribbean chimene lero chimatchedwa Tectitethya crypta. Makemikolowa amafanana ndi njerwa zomangira DNA ndi RNA, kungoti shuga wake ndi arabinose m'malo mwa ribose kapena deoxyribose. Nzeru inachokera pamenepo: mukapatsa selo la khansa njerwa yokhota, limaitenga osadziwa, ndipo khoma la DNA limaima kumangidwa. Cytarabine anapangidwa mu labu mu 1959, n'kuvomerezedwa ku America mu 1969. Mpaka lero ndiye msana wa chithandizo cha khansa ya m'magazi yotchedwa AML, ndipo ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa WHO. Ndondomeko yotchuka ndi ya 7+3: cytarabine mamiligiramu 100 mpaka 200 pa sikweya mita ya thupi tsiku lililonse, pa diripi yosadukiza masiku 7, pamodzi ndi mankhwala ngati daunorubicin masiku 3. N'chifukwa chiyani diripi, osati mapiritsi? M'matumbo ndi m'chiwindi muli enzyme yotchedwa cytidine deaminase imene imamuwononga msanga, choncho wakumwa safika kumene akufunika. Apa pokha muone kuti za ufa wothira mu tiyi sizikumveka.

Ndipo si mankhwala ochezeka. Amagwetsa maselo oyera ndi ma platelet, moti wodwala amafunika magazi ndi ma antibiotic zili pafupi. Pa mlingo waukulu, wa magiramu, amatupitsa maso, n'chifukwa chake amapereka madontho a steroid, komanso angathe kuwononga mbali ya ubongo yoyendetsa thupi. M'zipatala zambiri anamwino amauza wodwala kuti alembe dzina lake asanalandire mlingo wotsatira. Zolembazo zikayamba kupotoka, amaimitsa.

M'bale wake vidarabine anavomerezedwa mu 1976 pa matenda a herpes, koma aciclovir anadzamulanda malo. Muonanso pa intaneti ena akulemba kuti AZT, mmodzi wa ma ARV, anachokera m'chinkhupule. Kumeneko n'kukokomeza. AZT anapangidwa ndi Jerome Horwitz mu 1964, ndipo ubale wake ndi chinkhupule ndi wa nzeru ya njerwa yokhota ija basi.

Wachiwiri wamkulu ndi eribulin, ndipo manambala ake ndi amene mukawapatse oweruza. Mu 1986 Hirata ndi Uemura a ku Japan anafotokoza za halichondrin B wa m'chinkhupule cha Halichondria okadai. Pa makilogiramu 600 anapeza mamiligiramu 12.5. Amenewo ndi matumba 12 a chimanga a makilogiramu 50, kutulutsa kafumbi kosadzaza nsonga ya supuni. Ku New Zealand anadzavuula tani yathunthu ya chinkhupule china, Lissodendoryx, n'kupeza mamiligiramu pafupifupi 300. Zinaonekeratu kuti nyanja singakwanitse. Yoshito Kishi wa ku Harvard anapanga molekyulu yonseyo mu labu mu 1992, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti mphamvu ili ku theka limodzi. Kampani ya Eisai inakonza theka limenelo n'kukhala eribulin, dzina la malonda Halaven. Anavomerezedwa mu 2010 pa khansa ya m'mawere yofalikira, ndipo mu 2016 pa liposarcoma, khansa ya m'mafuta a m'thupi. Kumupanga kumadutsa masitepe 62.

Eribulin amaletsa timitanda ta m'selo totchedwa microtubule kukula, ndiye selo limalephera kugawikana. Mlingo ndi mamiligiramu 1.4 pa sikweya mita, mumtsempha kwa mphindi 2 mpaka 5, tsiku loyamba ndi lachisanu ndi chitatu pa masiku 21 aliwonse, ndipo sasungunulidwa mu dextrose. Ku Ulaya mlingo womwewo amaulemba 1.23 chifukwa amawerengera eribulin yekha popanda mchere wake wa mesylate, ndipo wosadziwa akhoza kusokoneza ziwirizi. Munthu wa masikweya mita 1.6 amalandira mamiligiramu pafupifupi 2.2. Tingoyerekeza kuti mukufuna halichondrin B wochuluka choncho kuchokera m'chinkhupule cha ku Japan chija: ndi makilogiramu oposa 100 pa jakisoni mmodzi. Kabotolo ka pa WhatsApp kali ndi magiramu angati?

Komanso tinene zoona pa mphamvu yake. Pa kafukufuku wa EMBRACE, amayi a khansa yofalikira amene analandira eribulin anakhala ndi moyo miyezi 13.1 pa chiwerengero chapakati, pamene amene analandira chithandizo china anakhala miyezi 10.6. Ndi phindu lenileni, koma si kuchira. Ndipo ambiri amagwera panjira. Discodermolide wa m'chinkhupule cha ku Bahamas ankaoneka wamphamvu zedi, Novartis inavutika kupanga magiramu 60, koma atayesedwa pa anthu anapezeka kuti akuwononga mapapo, n'kusiyidwa.

Za ufawo: ngati ulidi chinkhupule, muli tisingano tagalasi tija anena a Tembo, ndiponso chilichonse chimene nyamayo inasefa m'madzi. Ngati si chinkhupule, ndiye simukudziwa chimene mukumwa. Mankhwala ogulitsidwa m'Zambia ayenera kukhala olembetsedwa ku ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala. Choopsa koposa ndi miyezi imene munthu amataya akumwa ufa chotupa chikukula. Wokhala ndi chotupa apite kukiliniki kapena ku Chipata Central Hospital, akaona kuti n'koyenera amutumiza ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka.

Mphunzitsi_Kapata

Zikomo kwambiri a Tembo ndi amai Naphiri. Za matumba 12 zija ndazilemba kale pa bolodi. Chatsala ndi kutulutsa kwake. Tingoyerekeza kuti chinkhupule chenicheni chapezeka kuchokera kugombe la Mozambique, amachita nacho chiyani kuti afike pa mamiligiramu amenewo? Ndipo ndi mbali iti imene labu ya kusukulu, yokhala ndi ethanol, ma beaker ndi maikulosikopu, ingakwanitse popanda kuvulaza ana?

WaLabu_Katete

Aphunzitsi, ntchito zambiri zimaonongekera kugombe, chinthucho chisanaone n'komwe khomo la labu. Chinkhupule chikavuulidwa chimayamba kusintha nthawi yomweyo, monga anenera a Tembo za Aplysina. Choncho amachijambula chikadali m'madzi, amalemba malo, kuya ndi tsiku, amachotsa tinkhanu ndi nyongolotsi zokhala m'mabowo, n'kuchiika mu ayezi, kenako mu firiza pa −20 °C. Kachidutswa kena amakasunga mu ethanol wa 70 mpaka 80 peresenti kuti katswiri adzatchule mtundu. Mu formalin ayi, amaononga DNA. Popanda kachidutswa kameneka zotsatira zanu n'zopanda mwini, palibe amene angazibwereze. Kuno kwathu mdani wamkulu ndi kuthima kwa magetsi: chikasungunuka n'kuumanso kangapo, ma enzyme ndi mabakiteriya adya kale zimene mumafuna. Kuyanika padzuwa ngati kapenta nakonso n'kutaya, kuwala ndi kutentha kumaswa makemikolo ambiri.

Mu labu yokwanira amachiumitsa ndi freeze dryer n'kuchipera. Magiramu 100 a ufa amawanyika mu lita imodzi ya methanol ndi dichloromethane, theka ndi theka, usiku wonse, n'kusefa, ndipo amatero katatu. Madziwo amawauma pa rotary evaporator, kutentha kusapose 40 °C. Chotsala ndi phala lakuda lonunkha nyanja, ndipo gawo lalikulu la kulemera kwake ndi mchere ndi mafuta. Wophunzira akayeza phalalo n'kusangalala kuti wapeza zambiri, amakhala akusangalalira mchere.

Ndiye pamabwera kugawa, njira ya Kupchan. Sungunulani phalalo mu methanol wa 90 peresenti, mukhutchumule ndi hexane mu separating funnel, hexane atenga mafuta ndi ma sterol. Onjezerani madzi mpaka methanol atsike kufika cha pa 60 peresenti, mukhutchumule ndi dichloromethane, ndipo kawirikawiri zosangalatsa zimapita m'menemu. Chotsani methanol, madzi otsalawo muwakhutchumule ndi butanol. Mchere umatsalira m'madzi. Pakati pakachita thovu losalekana musalimbane nalo, lisiyeni lidikhe, ndipo ulendo wina muzitembenuza funnel pang'onopang'ono m'malo moigwedeza ngati botolo la maheu. Muzitsegula kampopi pafupipafupi kuti mpweya utuluke. Dichloromethane amawira cha pa 40 °C, ndiye m'mwezi wa Okutobala, makamaka kuchigwa cha Luangwa, chitsekerero chikhoza kuuluka chokha.

Gawo lililonse amaliyesa pa maselo kapena pa mabakiteriya, lokhalo lamphamvu ndi limene amapitiriza kuligawa: pa silica, pa Sephadex LH-20, pomaliza pa makina olekanitsa makemikolo otchedwa HPLC. Chowunikira panjira ndi TLC, kambale kopyapyala kopaka silica kamene makemikolo amakwerapo n'kulekana. Mzere wa pensulo sentimita imodzi kuchokera pansi, kadontho kakang'ono, hexane ndi ethyl acetate 7 kwa 3 poyambira, kenako kuona pa UV ya 254 nm. Madzi oyesera a Dragendorff akapereka dontho la olenji, mwina muli alkaloid, kemikolo yokhala ndi nitrogen. Dontholo likamakoka mchira m'malo mokhala lozungulira, mwathira zambiri kapena alkaloid akukakamira pa silica, ndipo kadontho ka ammonia kapena triethylamine kamakonza.

Pa mass spectrometer, makina oyeza kulemera kwa mamolekyulu, bromine sabisala. Ali ndi ma isotope awiri, kapena kuti mitundu iwiri ya atomu, yolemera 79 ndi 81, ochuluka pafupifupi mofanana. Bromine mmodzi amaonetsa nsonga ziwiri zofanana zotalikirana ndi 2, awiri amaonetsa 1:2:1, atatu 1:3:3:1. Koma mukaona nsonga pa 149, musathamangire kulengeza. Nthawi zambiri ameneyo ndi phthalate wochoka m'mapaipi ndi m'zitsekerero za pulasitiki. Ndi chifukwa chake zonse zimachitikira m'galasi. Methanol nayenso amanamiza: phala likakhalitsa m'menemo, amalumikizana ndi makemikolo ena n'kupanga chinthu chimene m'chinkhupulemo munalibe.

Kusukulu zonsezi ayi. Methanol amachititsa khungu ndipo amapha, dichloromethane safunika popanda fume hood, kabati yokoka mpweya woipa. Chimene ana angachite ndi kuphunzira njira yoyesera, pogwiritsa ntchito ethanol ndi masamba a kuno monga nimu. Mayeso ake ndi a brine shrimp, tinkhanu ta Artemia timene mazira ake amagulitsidwa ngati chakudya cha ana a nsomba, ndipo ofufuza za zinkhupule amawagwiritsanso ntchito poyambira.

Sungunulani magiramu 35 mpaka 38 a mchere wa m'nyanja mu lita imodzi ya madzi, thirani mazira pang'ono, ikani nyale pambali. Pakatha maola 24 mpaka 48 taswa, ndipo timasonkhana kumene kuli kuwala, mumangotiyamwa ndi dropa. Tengani mamiligiramu 20 a phala la masamba louma, sungunulani mu mamililita 2 a ethanol. Ikani mamaikulolita 500, 50 ndi 5 m'timabotolo tosiyana, mlingo uliwonse timabotolo titatu, ndipo musiye ethanol aume kotheratu. Thirani madzi amchere aja, ikani tinkhanu 10 m'kabotolo kalikonse, mudzaze kufika mamililita 5. Mwapeza mamaikulogiramu 1000, 100 ndi 10 pa mililita. Ngati mulibe micropipette, sungunulani motsitsa kakhumi kakhumi n'kumatenga theka la mililita ndi sirinji. Pakhalenso timabotolo titatu tothira ethanol yekha n'kuumitsa. Pakatha maola 24 werengani zamoyo. Mlingo wopha theka ukakhala pansi pa 1000, phalalo amaliyesa lamphamvu.

Tinkhanu ta m'timabotolo topanda phala tikafa, mayeso onse agwa, ndipo kawirikawiri ndi ethanol amene sanaume kapena sopo wotsalira m'galasi. Ana amvetsenso ichi: kupha tinkhanu kukungosonyeza kuti muli poizoni. Jik nayenso amatipha, koma palibe amamutcha mankhwala a khansa.

aJere_Lundazi

Zonse zanenedwa n'zoona, koma pali pamodzi ndikufuna kuwongola, a Tembo mundikhululukire. Tikumanena kuti chinkhupule chimapanga poizoni, pamene nthawi zambiri wopanga ndi mlendo wokhala m'nyumba mwake. M'mitundu ina, tizilombo tokhala m'kati timafika gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa chinkhupulecho. Mu 2014 gulu la Jörn Piel linasonyeza kuti makemikolo ambiri a Theonella swinhoei cha ku Japan, monga onnamide ndi polytheonamide, amapangidwa ndi bakiteriya wotchedwa Entotheonella. Okadaic acid anatchedwa dzina la Halichondria okadai chomwe chija cha eribulin, koma opanga ake ndi tizilombo ta m'madzi ta gulu la dinoflagellate monga Prorocentrum, ndipo ndi poizoni yemwe amatsegula m'mimba anthu odya nkhono za m'nyanja. Halichondrin mwiniwake wapezeka m'zinkhupule zosiyana mitundu, monga Axinella, Phakellia ndi Lissodendoryx, ndipo zimenezi zimapangitsa ambiri kuganiza kuti nayenso ndi wa tizilombo.

Pa ntchito izi zikutanthauza zinthu ziwiri. Mtundu umodzimodzi wotengedwa malo awiri ukhoza kupereka zosiyana, moti wina amabwerera kugombe chaka chotsatira n'kupeza phala lopanda mphamvu. Chinanso, njira yopezera zambiri si kukokolola nyanja ayi, koma kupeza ma gene opangira kemikoloyo n'kuwasamutsira m'bakiteriya wosavuta kuweta, poti ambiri mwa alendowa amakana kumera pa agar. Ulimi wa zinkhupule uliko, ku Jambiani ku Zanzibar amayi amaziweta pazingwe m'madzi osaya, koma zimenezo n'zosambira, ndipo zikamagulitsidwa mnofu wonse umakhala utachotsedwa, kwatsala mafupa ofewa a spongin.

Poti kwathu kuno nkhani ndi malungo, anawo adzafunsidwa ndithu. Manzamine A, amene gulu la Tatsuo Higa linamupeza mu 1986 m'chinkhupule cha Haliclona ku Okinawa, anachepetsa kwambiri tizilombo ta malungo mu mbewa zoyeserera. Plakortin wa m'zinkhupule za Plakortis ali ndi maatomu awiri a oxygen olumikizana, monga alili artemisinin wa mu Coartem, ndipo amapha Plasmodium mu labu. Onse awiri sanafike pa shelefu ya famasi. Ayankhe choncho, osawonjezera.

Ndipo asaganize kuti zonse n'za ku Japan ndi ku America. Gombe la kum'mwera kwa Africa lapereka zake. Hemiasterlin anafotokozedwa mu 1994 kuchokera m'chinkhupule cha Hemiasterella minor cha ku South Africa, ndipo makemikolo otengera iye anafika poyesedwa pa anthu odwala khansa. Kemikolo ina ya m'zinkhupule, tsitsikammamine, ili ndi dzina lochokera ku gombe la Tsitsikamma la ku South Africa komweko.

Za chinkhupule cha ku Mozambique, aphunzitsi, musatume woyendetsa thiraki kuti akutengereni ku Nacala kapena ku Beira. Chamoyo chotengedwa kukafufuza chimafuna chilolezo cha dziko limene chachokera, malinga ndi pangano la Nagoya la mu 2010 limene linayamba kugwira ntchito mu 2014. N'chimodzimodzi za ku Salima mukadutsa pa Mwami. Njira yabwino ndi kulembera dipatimenti ya bayoloje kapena ya chemistry ku UNZA, mufunse ngati angakuthandizeni ndi slide kapena kachidutswa kosungidwa kale. Chosadziwika asachigwire ndi manja, chifukwa zina monga Tedania ignis zimawotcha khungu masiku angapo.

WaLabu_Katete

A Jere anena zoona. Ndiwonjezere kamodzi pa tinkhanu tija, chifukwa apa ndi pamene ambiri amakhumudwa. Mazira a Artemia amaswa bwino pa 25 mpaka 28 °C. Mukayesa mu Juni kapena Julayi, usiku wa ku Chipata uzizira, mudikira masiku atatu opanda kanthu n'kumati mazira ndi akufa. Ikani botolo m'katoni pamodzi ndi babu loyaka, thermometer ili m'madzimo, ndipo ngati magetsi athima, botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu limathandiza. Mchere wa patebulo ndi wothira iodine, ndiye funani wa m'ma aquarium kapena wina wopanda iodine, muthiremo kasoda kophikira pang'ono kuti pH ifike cha pa 8. Mulibe pampu ya mpweya? Gwiritsani mbale yotakasuka, madzi osapitirira masentimita 2 kuya, mazira ochepa. Tinkhanu tikaswa mutigwiritse ntchito tsiku lomwelo kapena lotsatira, chifukwa tikapitirira timayamba kufa ndi njala ndipo muwerengera phala imfa zimene si zake.